Cinsinsi ca Mtundu wa Papaya

Pa msika wa Chisokone ku Kitwe, kapena wa Masala ku Ndola, ambiri a ife timayamba tafunsa wogulitsa ngati papaya ali wofiira m'kati kapena wacikasu. Kawirikawiri timatola wofiira, ati ndiye wotsekemera. Nanga cimene cimasiyanitsa zipatso ziwirizi n'ciani?

Mtundu wa papaya umacokera ku tinthu tochedwa makarotinoidi, tomwenso timakongoletsa mango, maungu ndi matimati. Cipatso cimapanga tinthuti mwa nchito yolandizana: mapuloteni ena amapanga lycopene wofiira, kenaka puloteni ina imamusandutsa beta-carotene wacikasu.

M'caka ca 2008, akatswiri otsogozedwa ndi a Ray Ming anafalitsa mbali yaikulu ya malangizo a cibadwa a papaya wa SunUp wa ku Hawaii. Malangizo onsewo ali ndi zilembo pafupifupi 372 miliyoni, ndipo palibe munthu amene angaziwerenge ndi maso. Makompyuta ndiwo anazisanja ndi kuziyerekeza ndi za zomera zina. Pofika 2010 yankho linapezeka. Mu papaya wofiira, malangizo opangira puloteni yosandutsa ija, ochedwa CpCYC-b, ali ndi zilembo ziwiri zoonjezera. Ziwiri zokha! Puloteniyo imatuluka yoduka, yosagwira nchito, motero lycopene amangounjikana.

Nkhaniyi ikutikhudza ife makolo. Thupi limasandutsa beta-carotene kukhala vitamini A, koma lycopene silingathe kumusandutsa. Mwana wosowa vitamini A saona bwino kukada, ndipo cikuku ndi kutsegula m'mimba zimamufooketsa msanga. Komabe tisanyoze papaya wofiira, pakuti nayenso ali ndi makarotinoidi ena amene thupi limapangira vitaminiyu.

Boma linalamula mu 1998 kuti shuga wa m'dziko muno aziikidwa vitamini A, ndipo mu 2012 kunatulutsidwa mbeu za cimanga ca olenji. Zonsezi n'zabwino, koma shuga amafuna ndalama. Mtengo wa papaya kuseri kwa nyumba ku Chimwemwe kapena ku Chifubu umangofuna madzi ndi manyowa, ndipo umayamba kubala caka cisanathe. Popeza makarotinoidi amalowa bwino m'thupi pamene pali mafuta, mwana apatsidwe papaya wakupsa atangomaliza kudya phala la nshawa kapena ndiwo zotendera.