Adaputa yolowa bwino siitanthauza kuti makina amva

Siteshoni ya magetsi a dzuwa ya Golomoti, yomwe ili m'boma la Dedza kufupi ndi malire a Ntcheu, inayamba kugwira ntchito mu 2022 ndipo imapanga mamegawati 20. Malo oterewa, monganso mapampu amakono a madzi ndi makina a m'mafakitale, amadalira tizipangizo toyendetsa ntchito tokha. Kodziwika kwambiri ndi kabokosi kotchedwa PLC, kamene kamayatsa ndi kuzimitsa makina motsatira pulogalamu. Kakavuta, katswiri amakalumikiza ku laputopu kudzera pa adaputa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezekera.

Kusiyana koyamba kuli pa mmene uthenga umayendera m'mawaya. Njira yakale ya RS-232 imalumikiza zipangizo ziwiri zokha, pa mtunda wa mamita pafupifupi 15. RS-485 imafika mamita 1,200 ndipo chingwe chimodzi chimanyamula zipangizo 32, n'chifukwa chake imayenera pamene pampu ili kutali ndi ofesi. Ethernet ndi yaliwiro, koma chingwe chake cha kopa chimathera pa mamita 100.

Chovuta chenicheni ndi chilankhulo. Modbus, yomwe kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979, ndi yotseguka kwa aliyense, choncho adaputa wamba ya USB ndi RS-485 imakwanira. Siemens ili ndi zake: S7-200 imalankhula PPI, pomwe S7-300 imalankhula MPI, ndipo makina ena amawonjezera Profibus. Adaputa ya MPI si waya chabe. Mkati mwake muli kachipangizo komasulira uthenga, ndiye gwero la kukwera mtengo kwake.

Choipa n'chakuti polowetsera chingwe pa S7-300 pali mapini 9, pofanana ndendende ndi pa RS-232. Chingwe cholakwika chimalowa bwinobwino. Komatu pini imodzi imatulutsa mavoti 24, omwe angathe kuwononga chipangizo cholumikizidwapo.

Palinso nkhani ya chitetezo, yomwe ogula amainyalanyaza chifukwa siioneka ndi maso. Maadaputa ena amalekanitsa magetsi a laputopu ndi a makina, uthenga wokha n'kumadutsa. Otsika mtengo ambiri satero. M'nyengo ya mvula, pamene ziphaliwali zimachuluka ndipo magetsi amathimathima, kusiyana kumeneku kungapulumutse laputopu ndi PLC yomwe.

PLC zatsopano monga S7-1200 zinachepetsa mavutowa popeza zimalumikizidwa ndi chingwe wamba cha Ethernet. Koma makina akale akadali pantchito, ndipo mapulogalamu awo ena amakana kuyenda pa Windows yatsopano. Katswiri amene wafika pa Ntcheu ndi adaputa yolakwika sangayembekeze kupeza ya MPI m'masitolo apaboma. Ayenera kubwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa msewu wa M1, kapenanso kuitanitsa ku Johannesburg, makina ali chiimire.