Makhansala atatu, dera limodzi: momwe zipani zimalimbiranira Maryhill ndi mzinda wa Glasgow

Mu Meyi 2027 anthu a ku Scotland adzasankha makhansala a makhonsolo onse 32 a m'dzikolo. Maso a anthu ambiri adzakhala pa Glasgow, mzinda waukulu kuposa yonse ku Scotland, chifukwa pa chisankho cha pa 5 Meyi 2022 zipani ziwiri zikuluzikulu zidasiyana ndi mpando umodzi wokha. Mwa mipando 85, chipani cha Scottish National Party, chodziwika kuti SNP, chidapeza 37 ndipo cha Labour chidapeza 36. Chipani cha Greens chidatenga 10, cha Conservative iwiri.

Mpikisano wa mtima bii woterewu umamveka bwino munthu akayang'ana dera limodzi mwa madera 23 a khonsoloyi. Maryhill, kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu, ndi dera la anthu ogwira ntchito wamba lomwe lidakula m'mbali mwa ngalande ya Forth and Clyde. Lidali tawuni yodziyimira payokha kuyambira 1856 kufikira 1891 pomwe lidaphatikizidwa ku Glasgow. Lero kumakhalanso anthu ochuluka ochokera m'maiko ena, ena mwa iwo othawa nkhondo kwawo.

Kuvota ndi manambala

Ku Malawi wodi iliyonse imasankha khansala mmodzi, ndipo amene wapeza mavoti ambiri ndiye wapambana, ngakhale atapambana mnzake ndi voti imodzi. Ku Scotland zidali chimodzimodzi mpaka 2003. Chaka chimenecho Labour idatenga mipando 71 mwa 79 ya khonsolo ya Glasgow ndi mavoti osafika theka la onse oponyedwa. Anthu oposa theka adavotera zipani zina, koma onse pamodzi adagawana mipando isanu ndi itatu basi.

Lamulo la 2004 lidasintha zimenezi, ndipo njira yatsopano idayamba kugwira ntchito mu 2007. Madera adakulitsidwa kuti lililonse la mu Glasgow lizisankha makhansala atatu kapena anayi. Maryhill imasankha atatu. Wovota sachonga dzina limodzi ayi. Amalemba 1 pa amene akumufuna koposa, 2 pa wotsatira, 3 pa wina, mpaka pomwe iye mwini wafuna kulekezera.

Tiyerekeze kuti mavoti ovomerezeka alipo 8,000. M'dera la mipando itatu, mavotiwo amagawidwa panayi ndi kuwonjezapo imodzi, choncho munthu amafunika 2,001 kuti apambane. Amene wapeza 2,600 wadutsa, ndipo 599 otsalawo satayidwa: amasamutsidwira kwa anthu omwe ovotawo adawalembera 2. Ngati palibe wina wafika pa mlingowo, amene ali kumchira amachotsedwa ndipo mavoti ake amagawidwa motsata manambala omwewo. Zimapitirira chonchi mpaka mipando yonse itadzaza. Kuwerenga kwake kumachitika ndi makina.

Njirayi imakakamiza zipani kuchita masamu zisanayambe n'komwe kampeni. Chipani chikaimika anthu atatu chili ndi otsatira okwanira mipando iwiri, chimamwaza mavoti ake ndipo chikhoza kutaya mpando womwe udali m'manja. Chikaimika mmodzi, mavoti otsala amakathandiza mdani. Komanso sichingatukwane zipani zonse mwachisawawa, popeza mpando wachitatu kawirikawiri umapita kwa amene otsatira zipani zina amulembera 2 kapena 3.

Mu 2022 Maryhill idasankha Abdul Bostani ndi Franny Scally a SNP, komanso Keiran O'Neill wa Labour. A Bostani adafika ku Glasgow ngati wothawa kwawo kuchokera ku Afghanistan. Mu 2017 kagawidwe kadali komweko: iwiri SNP, umodzi Labour.

Njirayi ili ndi chilema chake. Anthu ena, atazolowera kuchonga pa zisankho za aphungu, amalemba zizindikiro za mtanda pa mayina angapo, ndipo voti yotero imakanidwa. Dera la Canal, loyandikana ndi Maryhill, ndilo lidatsogola ku Scotland konse pa mavoti owonongeka mu 2022: oposa asanu pa 100 aliwonse. Vutoli limakula kwambiri m'madera osauka, komwenso anthu ochepa ndiwo amapita kukavota. Mumzinda wonse, ovota sadafike anayi mwa anthu khumi aliwonse olembetsa.

Momwe Labour idatayira mzinda wake

Labour idalamulira Glasgow mosadukiza kuchokera mu 1980. Ngakhale njira yatsopano itabwera, idagwirabe khonsolo ndi mipando 45 mu 2007 ndi 44 mu 2012. Chomwe chidagwedeza mizu ndi referendamu ya 2014 yofunsa ngati Scotland ichoke mu United Kingdom. Dziko lonse lidakana, koma Glasgow idavomera, ndipo anthu ambiri omwe makolo awo ankavotera Labour adakhumudwa kuwona chipanicho chikuchita kampeni limodzi ndi Conservative. Mu 2017 SNP idapeza mipando 39, Labour 31, ndipo Susan Aitken adakhala mtsogoleri wa khonsolo.

Komabe SNP sidafikepo pa mipando 43 yofunika kuti ilamulire yokha. Kuti bajeti idutse imadalira kumvana ndi Greens, zomwe zimapatsa chipani chaching'onocho mphamvu zoposa kukula kwake.

Zomwe amakangana

Pa kampeni, mbendera ndi nkhani ya ufulu wodzilamulira sizisowa. Koma khonsolo ntchito yake ndi masukulu, chisamaliro cha okalamba, misewu, zinyalala ndi malaibulale, ndipo apa ndi pomwe anthu amaiweruzira.

Mtolo wolemetsa koposa ndi ngongole ya amayi. Kwa zaka zambiri khonsolo, ili m'manja mwa Labour, inkalipira ophika, osesa ndi osamalira okalamba, ambiri mwa iwo amayi, ndalama zochepa poyerekeza ndi abambo ogwira ntchito zofanana nazo. Mu Okutobala 2018 antchito pafupifupi 8,000 adanyanyala ntchito masiku awiri. Chipukutamisozi chomwe adagwirizana mu 2019 ndi mu 2022 chidafika pafupifupi mapaundi 770 miliyoni. Kuti ipeze ndalamazo, khonsolo idagulitsa nyumba zake zotchuka, monga Kelvingrove Art Gallery and Museum ndi likulu lake lenilenilo, kwa kampani yake yomwe, n'kuyamba kulipira lendi. SNP imati ikulipira ngongole yomwe Labour idasiya. Labour imayankha kuti mzinda ukuda ndi zinyalala chifukwa boma la SNP ku Edinburgh, komwe kumachokera gawo lalikulu la ndalama za makhonsolo, limaumira. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu sutha.

Ku Maryhill kusowa kwa ndalamaku kudawonekera pa laibulale. Mliri wa Covid-19 utachepa mu 2021, laibulale ya m'derali idali m'gulu la zomwe sizidatsegulidwe. Anthu ankasonkhana panja pake n'kumawerenga mabuku posonyeza kukwiya, mpaka idatsegulidwanso kumayambiriro kwa 2022, miyezi yochepa chisankho chisanachitike.

Nkhani ya nyumba ndi yovuta kuposa apo. Khonsolo idapereka nyumba zake zonse za lendi ku bungwe lapadera mu 2003, motero pomwe nyumba zitatu zosanjikizana za ku Wyndford zinkagwetsedwa mu Malichi 2025, ena mwa okhalamo atalimbana nazo kwa zaka, mwini wake adali Wheatley Homes osati khonsolo. Koma udindo wopezera pogona anthu osowa pokhala udakali wa khonsolo, yomwe mu Novembala 2023 idalengeza kuti vuto la nyumba lafika pa ngozi.

Amalawi ali ndi voti

Mzika za maiko a Commonwealth, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, zimaloledwa kuvota ngati zili ndi chilolezo chokhala m'dzikolo ndipo zalembetsa m'kaundula wa ovota. Ophunzira ndi anamwino omwe ali pa viza ali m'gulu lomweli. Lamulo la 2020 lidakulitsa ufuluwu kufikira nzika za dziko lililonse zokhala ku Scotland movomerezeka, pamodzi ndi othawa kwawo omwe pempho lawo lidavomerezedwa. Amene akudikirabe yankho saloledwa. Zaka zoyambira kuvota ndi 16, ndipo pa chisankho cha makhansala safunsa chiphaso chokhala ndi chithunzi monga amachitira pa cha aphungu a ku London.

Kuchokera mu 2022 mphepo yawombera mbali zosiyanasiyana. Mu Julayi 2024 Labour idalanda SNP mipando yonse isanu ndi umodzi ya aphungu a Glasgow ku Nyumba ya Malamulo ya ku London. Mu Januwale 2025 Thomas Kerr, yemwe ankatsogolera Conservative mu khonsoloyi, adalowa Reform UK, chipani cha Nigel Farage chomwe chimalankhula mwaukali za anthu obwera. Mu 2027 Reform UK ndi Greens onse adzakhala akusaka gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti a Maryhill, lomwe ndi lokwanira kulanda mpando wachiwiri wa SNP.