Kunenepetsa Ng'ombe Yowonda kwa Mwambo

Ng'ombe zambiri za kwa Mwambo zimawonda mu Okutobala ndi Novembala, msipu wa m'madambo a nyanja ya Chilwa ukauma. Komatu njala si yokha imene imazifooketsa. Tizilombo ta m'chiwindi, tomwe timaswana mu nkhono za m'madzi odikha, timayamwa magazi mwakachetechete. Nkhupakupa nazo zimatero. N'chifukwa chake mlangizi wa ziweto amayamba wapereka mankhwala chakudya chisanawonjezedwe.

Gaga wachimanga ndi madeya a mpunga wa ku Likangala amabwezeretsa thupi, koma amaperekedwa pang'onopang'ono, chifukwa ng'ombe ikadya ambiri mwadzidzidzi imatupa mimba. Mapesi osungidwa pamthunzi, masamba a mtedza, mchere ndi madzi okwanira zimathandiza kuti isawondenso. Yokoka ngolo imapumitsidwa mpaka nthiti zitabisika.