Kugula ndi Kusunga Cakudya ca Nkhuku

Lero tikambe za kugula cakudya ca nkhuku cambiri nthawi imodzi.

Nkhuku yoikira mazira imadya pafupifupi magalamu 120 pa tsiku. Motero nkhuku 100 zimatha thumba la makilogalamu 50 m'masiku anai. Mlimi wanzeru amagula cimanga ndi gaga, amene ena amati madeya, m'miyezi ya June ndi July, anthu atangokolola, mtengo ukali wotsika.

Koma phindu lonselo limatayika cakudyaco cikanyowa, pakuti cimacita cuku, ndipo mu cuku mumakhala ululu wakupha. M'caka ca 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya ufa wa mtedza wocokera ku Brazil umene unacita cuku.

Cifukwa cace yanikani gaga kufikira atauma ndithu. Sanjikani matumba pa thandala, osati pansi, ndipo asakhudze khoma. Tsekani mauna a makoswe. Yambani ndi thumba lakale. Cakudya cosakaniza kale ca m'sitolo musagule coposa ca mwezi umodzi, popeza mphamvu yace imacepa cikakhalitsa. Cikanunkha cuku, citayeni. Thumba limodzi lisakupherereni khola lonse.

Tsalani bwino.