Ngwazi ya M'kanema ndi Ngwazi Yeniyeni

M'nyumba zoonetsera kanema pa Nsaru, Namitete ndi Kabudula, ana athu amakuwa mokondwera Rambo akamapha yekha adani ambirimbiri. Opanga mafilimu otere amafuna phindu, choncho amabisa mantha a msilikali ndi misozi ya amasiye, n'kuonetsa kupha ngati masewera.

Msilikali weniweni timamuona mwa Chancy Chitete wa gulu lankhondo la Malawi. M'chaka cha 2018, akusungitsa mtendere ku Congo, adaomberedwa n'kumwalira pamene ankapulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene adavulala. Bungwe la United Nations lidamulemekeza ndi mendulo m'chaka cha 2019.

Akatekisiti, pophunzitsa lamulo lachisanu, tiwafunse ana athu: pa awiriwa, ngwazi ndani?