Kodi Wodwala Mesothelioma Angakhale ndi Moyo Nthawi Yaitali Bwanji?

Kapena m'banja mwanu muli mkulu wina amene anagwilapo nchito m'migodi ya asibesitosi ku South Africa kapena ku Zvishavane m'dziko la Zimbabwe, kapenanso mmisili amene anali kuceka malata a asibesitosi. Dokotala akakuuzani kuti mbale wanuyo ali ndi mesothelioma, funso loyamba mumtima mwanu lidzakhala ili: kodi watsala ndi masiku angati?

Mesothelioma ndi khansa ya kacikopa kopyapyala kokuta mapapo, ndipo nthawi zina imagwila kacikopa ka m'mimba. Gwelo lake ndi fumbi la asibesitosi limene munthu anapuma, koma nthendayi imabisala zaka 20 kufikila 50. M'caka ca 1960, Dr. J. C. Wagner ndi anzake ku South Africa anaonetsa cimeneci atapima odwala 33, ndipo ena mwa iwo poyamba anali kuganizilidwa kuti akudwala TB. Cifukwa ca kubisalako, ambili amafika kucipatala nthenda itazika kale mizu.

Tsono mvetsani bwino ciwelengelo. Mwa odwala 100, pafupi-fupi theka amamwalila caka cisanathe kucokela pamene nthenda yadziwika, ndipo pafupi-fupi 10 okha ndiwo amafika zaka 5. Mau awa ndi olemetsa mtima, koma onani kuti theka linalo limapyola caka cija. Ciwelengelo cimanena za gulu, sicichula tsiku la mbale wanu. Katswili wa sayansi wa ku America, Stephen Jay Gould, anapezeka ndi mesothelioma ya m'mimba mu 1982, nawelenga kuti theka la odwala otelo silipyola miyezi 8. Iye anakhala zaka 20, namwalila mu 2002 ndi khansa ya mtundu wina.

Nanga cimasiyanitsa odwala nciani? Coyamba ndi mtundu wa khansayo: wochedwa epithelioid umafalikila pang'onopang'ono kuposa wa sarcomatoid. Caciwili ndi pamene nthenda yafika. Cacitatu ndi msinkhu ndi mphamvu za wodwala. Mankhwala nawonso amaonjezela masiku, ngakhale kuti saciza. Pa kafukufuku wa mu 2003, kuphatikiza pemetrexed ndi cisplatin kunakweza nthawi ija ya theka la odwala kucoka pa miyezi 9 kufika pa 12. Mu 2020, mankhwala odzutsa citetezo ca thupi, nivolumab ndi ipilimumab, anaifikitsa pa miyezi 18.

Cotelo, mbale wanu akayamba befu ndi kuwawa kwa m'cifuwa kosamva mankhwala a TB, muuzeni dokotala nchito imene iye anali kugwila kale, ngakhale papita zaka 40. Funsani za cipatala ca khansa ca ku Lusaka, Cancer Diseases Hospital. Pemphaninso kuti amcotse madzi odzala m'cifuwa ndi kumpatsa mankhwala oletsa ululu, pakuti masiku amene atsala, kaya ndi ocepa kaya ndi ambili, ayenela kukhala opumika.