Chipinda cha Odwala Mwakayakaya Si Chipinda cha Imfa

Ambiri a ife tikamva kuti wodwala wathu amulowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene pa Chipwitikizi amachitcha UCI kapena Reanimação, timataya mtima. Ena amayamba kutumiza uthenga kumudzi ngati kuti maliro agwa kale. Ena amakana kuti mwana wawo aikidwe pa mpweya wa okosijeni, chifukwa anamva kuti woikidwa pa mpweya sadzukanso. Mantha amenewa amatayitsa miyoyo imene ikanapulumuka, ndipo mpingo suyenera kukhala chete.

Chipinda chotere chinayamba pa nthawi ya mliri. M'chaka cha 1952 matenda a poliyo anabuka mumzinda wa Copenhagen, m'dziko la Denmark, ndipo ana ambiri analephera kupuma chifukwa minofu ya m'chifuwa inafa ziwalo. Pachipatala cha Blegdam, mwa odwala 31 oyamba amene anafika pa vuto limeneli, 27 anamwalira. Potsatira malangizo a Dokotala Bjørn Ibsen, mtsikana wa zaka 12 anabooledwa kholingo ndi kulowetsedwa paipi yolumikiza ku thumba la labala, ndipo Ibsen anayamba kufinya thumbalo ndi manja kuti mpweya ulowe m'mapapo. Mtsikanayo anapulumuka. Popeza makina anali osowa, ophunzira pafupifupi 1,500 anasinthana usana ndi usiku kufinya matumba pambali pa mabedi, kwa masabata ambiri, ndipo imfa zinatsika kwambiri. M'chaka cha 1953 Ibsen anatsegula chipinda chapadera cha odwala otere.

Lero makina ndiwo amafinya thumba lija, koma ntchito yake ndi yomweyo: kugwirizira thupi kuti mankhwala apeze nthawi yogwira ntchito. Makina opumitsa sachiza chibayo kapena malungo aakulu. Amangomupumira munthu kufikira mapapo atapezanso mphamvu. Kachipangizo kopanidwa ku chala kamayeza mpweya m'magazi, ndipo nambala ikatsika pansi pa 90 anamwino amadziwa kuti wodwala akufunika okosijeni. Kulira kwa makina kumene kumatidula mtima nthawi zambiri ndi belu loitana namwino basi. Wodwala akaoneka ngati wakomoka, mwina madokotala amugoneka dala ndi mankhwala kuti asalimbane ndi paipi.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amamwalira atangoikidwa pa mpweya? Kawirikawiri amakhala atafika mochedwa. Mayi wapakati amene wayamba kugwa khunyu, mnyamata wovulala m'mutu pa njinga yamoto, mwana wopuma mobanika, onsewa sangadikire kuti achibale ayambe akambirana. Kuchokera ku Ulónguè kupita ku chipatala chachikulu cha ku Tete ndi ulendo wa maola angapo, ndipo mabedi a chipinda chimenechi ndi ochepa. Pemphero lichitike wodwala ali kale panjira. Anthu anayi a pa Marko 2 anaonetsa chikhulupiriro chawo ponyamula mnzawo ndi kusasula denga.

Akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano pokazonda odwala, amvere anamwino. Alowe mmodzi kapena awiri, asambe m'manja, apemphere motsitsa mawu pafupi ndi khutu la wodwala, pakuti ena amamva ngakhale sangathe kuyankha. Kuimba kwa gulu kudikire panja. Ndipo phala limene tanyamula mwachikondi lisaperekedwe kwa munthu wokomoka, chifukwa lingalowe m'mapapo ndi kumupha. Iye amadyetsedwa kudzera pa kapaipi ka m'mphuno. Chakudyacho chiperekedwe kwa wodwazika matenda, amene amagona panja masiku ambiri kutali ndi kwawo. Achinyamata athanzi amene abwera nawo afunse kumene amapereka magazi, pakuti odwala ambiri a m'chipindamo amawafuna.